Gogo Amene Adajambula Mlengalenga Ali M'khitchini

M'mwezi wa July chaka cha 1969 anthu awiri a ku America, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin, adaponda pa mwezi, ndipo anthu miyandamiyanda adaonerera pa wailesi ya kanema. Mmodzi mwa oonererawo adali mayi wachikuda wa zaka 77, mphunzitsi wopuma pa ntchito wa mumzinda wa Washington, dzina lawo Alma Thomas. Mayiwa sadali katswiri wa sayansi, koma maulendo a m'mlengalenga adawagwira mtima kotero kuti m'zaka zotsatira adajambula zithunzi zambiri za nkhani imeneyi. Lero zithunzizo zikusungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zojambula ku America.

Chodabwitsa n'chakuti m'zithunzi zimenezi simupezamo nkhope ya munthu kapena mbendera. Muli timadontho ndi timizere ta penti basi. Kujambula kotereku, kumene sikutsanzira maonekedwe enieni a chinthu koma kumangogwiritsa ntchito mitundu ndi mizere, pa Chingerezi amakutcha abstract. Ambiri a ife tikaona chithunzi chotere timafulumira kunena kuti ngakhale mwana angathe kujambula. Tiyeni tiyambe tamva mbiri ya gogo ameneyu, tidzaweruze pambuyo pake.

Mphunzitsi wa zaka 35

Mayi Thomas adabadwa pa 22 September 1891 ku Columbus m'chigawo cha Georgia, kumwera kwa America. Nthawi imeneyo tsankho lidali pachimake. Ana achikuda sankatha kupita patali ndi sukulu kumeneko, ndipo malo ambiri a boma adali a azungu okha. M'chaka cha 1907 makolo awo adasamukira ku Washington kuti ana awo aakazi akapeze maphunziro ndi mtendere.

Mu 1924 iwo adakhala munthu woyamba kumaliza maphunziro a zojambula pa yunivesite ya Howard, ndipo mu 1934 adalandira digiri yachiwiri ku yunivesite ya Columbia. Adaphunzitsa ana luso la zojambula pa sukulu imodzi, Shaw Junior High School, kwa zaka 35. Adapuma pa ntchito mu 1960, zaka zawo zikuyandikira 70, msinkhu umene ambiri amati tsopano n'kukhala pa khonde. Iwo ndi pamene adayamba kujambula tsiku ndi tsiku, m'nyumba yomwe ija makolo awo adakhalamo, nthawi zambiri m'khitchini.

Poyamba ankajambula zinthu monga momwe zimaonekera. Kusintha kudabwera pamene yunivesite ya Howard idawapempha kuti aonetse ntchito zawo mu 1966. Pofuna chinthu chatsopano, adayamba kuyang'anitsitsa mtengo umene udali kunja kwa zenera lawo. Adaona kuti kuwala kwa dzuwa kukamadutsa m'masamba kumasweka m'tizidutswa, ndipo mphepo ikaomba tizidutswato timasuntha. Kuyambira pamenepo adasiya kujambula masamba n'kuyamba kujambula kuwalako.

Ntchito yawo idali ya dongosolo. Ankayamba ndi kuyesa mitundu pa mapepala, kenaka n'kulemba mizere ya pensulo pa chinsalu. Akatero ankadinda penti ndi burashi pang'onopang'ono, kadontho pambali pa kanzake, n'kumasiya timipata kuti mtundu wa pansi uzionekera. Amayi oluka mikeka akudziwa kuti ntchito yotere ukaphonya mzere umodzi, cholakwacho chimaonekera pa mkeka wonse.

Zithunzi zinayi

Choyamba ndi cha mu 1970, chotchedwa Snoopy Sees Earth Wrapped in Sunset, kutanthauza kuti Snoopy akuona dziko litafunda dzuwa la madzulo. Snoopy ndi galu wa m'nthano zoseketsa za m'nyuzipepala, koma m'chithunzimo mulibe galu. Dzinali lidachokera ku ulendo wa Apollo 10 wa mu May 1969, pamene oyenda m'mlengalenga adapatsa dzina limeneli kachombo kawo kamene kadatsika mpaka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera pa mwezi. Ulendo umenewu ndi umene udayamba kuonetsa anthu pa kanema zochitika m'mlengalenga nthawi yomweyo m'mitundu yake yeniyeni. Mayi Thomas adajambula chinthu chachikulu chozungulira, chopangidwa ndi timizere tofiira ndi tachikasu. Ndi dziko lathuli, monga angalionere munthu amene ali kutali, ndipo mulibe malire a mayiko.

Chachiwiri ndi The Eclipse, chimene dzina lake likutanthauza kadamsana. Pa 7 March 1970 mwezi udaphimba dzuwa m'madera a kum'mawa kwa America, ndipo chaka chomwecho mayiwa adajambula chithunzichi, chotalika kupitirira mita imodzi ndi theka. Muli kanthu kozungulira ka buluu woderako, ndipo kuchokera pamenepo mizere ya mitundumitundu ikuzungulira n'kumakulirakulira mpaka kufika pa yofiira ndi yachikasu. Kanthu kakudako sadakaike pakati penipeni koma chakumbali, ndipo chifukwa cha ichi diso limaona ngati mwezi ukuyendabe.

Chachitatu ndi Mars Dust, fumbi la ku Mars, cha mu 1972. Mu November 1971 chombo chopanda munthu chotchedwa Mariner 9 chidafika pafupi ndi pulaneti ya Mars n'kupeza kuti yonse yakutidwa ndi chimphepo cha fumbi. Akatswiri adadikira masabata angapo kuti fumbilo lidikhe asanayambe kuona mapiri ndi zigwa. Mayi Thomas adajambula fumbi lenilenilo. Chinsalu chonse chadzaza madontho ofiira, ndipo m'timipata mukusuzumira mtundu wa buluu.

Chachinayi, cha mu 1972 momwemo, ndi Starry Night and the Astronauts, chimene chili ku Chicago. Pafupifupi chonse ndi cha buluu, pena wowala pena woderako, koma pamwamba chakumanja pali kamalo kakang'ono kofiira ndi kachikasu. Ife a m'mbali mwa nyanja sitingavutike kuchimva. Aliyense amene adaonapo nyali ya asodzi a usipa ili yokhayokha pakati pa nyanja usiku akudziwa m'mene kamoto kamodzi kamaonetsera kukula kwa mdima ndi kuchepa kwa munthu.

Panali mtsutso

Si onse amene adasangalala ndi maulendo a ku mwezi. Pamene chombo cha Apollo 11 chinkakonzekera kunyamuka ku Florida, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, Ralph Abernathy, adafika pa malopo ndi mabanja osauka ndiponso ngolo zokokedwa ndi nyulu. Funso lawo lidali lakuti, n'chifukwa chiyani boma likuononga chuma chambiri chotere pamene ana ena akugona ndi njala? Pa nthawi yomweyo ojambula ambiri achikuda ankakhulupirira kuti chithunzi chiyenera kulankhula za nkhanza za tsankho.

Mayi Thomas ankalidziwa bwino tsankho, ndipo mu 1963 adali nawo pa ulendo waukulu wa ku Washington umene Martin Luther King adalankhulapo. Komabe iwo adasankha kuika mtima pa kukongola ndi chimwemwe osati pa nkhanza zimene munthu amachitira mnzake. Funso la a Abernathy lidali lomveka, ndipo sitikulichepetsa. Koma tikuonanso kuti munthu amene adauzidwa ali mwana kuti malo ena si ake, n'kudzakula n'kujambula dziko lonse ndi nyenyezi zomwe, adayankha tsankho m'njira yakeyake.

Mu 1972, ali ndi zaka 80, adakhala mayi wachikuda woyamba kuonetsa zithunzi zake payekha ku Whitney Museum ku New York. Nyamakazi idawazunza zaka zambiri, koma sadasiye burashi. Adamwalira pa 24 February 1978. Mu 2015, pa nthawi ya Pulezidenti Barack Obama, chithunzi chawo china chotchedwa Resurrection chidapachikidwa m'chipinda chodyera ku White House.

Phunziro kwa mabanja athu

M'mabanja ambiri a Chisilamu sitipachika zithunzi za anthu kapena nyama, ndipo ena amaganiza kuti mwana wokonda kujambula alibe kolowera. Koma kukongoletsa ndi mizere, mitundu ndi zilembo si kwachilendo kwa ife. Kwakhala kukuchitika m'mizikiti kwa zaka mazana ambiri, ndipo timakuona pa zipewa ndi pa mikeka yopempherera. Mayi Thomas sadali Msilamu, koma ntchito yawo ikusonyeza kuti munthu akhoza kunena zazikulu popanda kujambula nkhope.

Ikusonyezanso kuti luso ndi sayansi si adani. Kuti ajambule fumbi la ku Mars, gogoyu ankatsatira nkhani za akatswiri. Mwana amene akujambula mwezi usiku uliwonse adzazindikira yekha kuti umakula ndi kuchepa m'masiku 29 kapena 30, ndipo adzafunsa chifukwa chake. Makolo, musam'landitse pensulo poti akutaya nthawi. M'malo mom'funsa kuti wajambula chiyani, mufunseni kuti adaona chiyani.

Kwa agogo athu amene adapuma pa ntchito, kumbukirani kuti zithunzi zonse tafotokozazi zidajambulidwa ndi munthu wa zaka za pakati pa 78 ndi 81. Ndipo tonsefe, tsiku lina tikadzaona chithunzi cha madontho okhaokha, tisadzathamangire kuseka. Tidzaime kaye mphindi zingapo, tione kumene mitundu ikuchokera ndi kumene ikulowera. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.