Utsogoleri Wosinthana M'magulu Owerenga

M'makalasi ambiri mtsogoleri amakhala mwana mmodzi yemweyo caka conse, ndipo nchito yake ndi kulemba maina a ocita phokoso. Mwana wotere amaphunzira kuopseza anzake, pamene ana amanyazi amazolowera kukhala cete. Koma mwana amene sachula mawu mokweza amacedwa kudziwa kuwerenga.

Pa nthawi ya kuwerenga, gawani ana m'magulu a asanu. Gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri wa sabata imeneyo. Iye agawe makadi a maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu, aonetsetse kuti aliyense wachulako, kenaka asonkhanitse makadiwo. Lolemba lotsatira udindo upite kwa wina, atsikana ndi anyamata mosinthana, ngakhalenso amene akali kuvutika kuwerenga.

Ana sabadwa akudziwa kalankhulidwe ka mtsogoleri. Aphunzitseni kunena kuti, "Tsopano ndi nthawi yako," "Yesanso," ndi "Wacita bwino." Yambani ndinu kulankhula tero, cifukwa ana amatengera zimene amamva kwa mphunzitsi. Pa Cisanu funsani gulu lililonse kuti, "Kodi mtsogoleri wanu anakuthandizani bwanji?" Yamikirani mtsogoleri amene anadikira mnzake wovutika mpaka atachula yekha phatikizo.