Maola a Ntchito ndi Nthawi ya Banja

Ambiri a ife timachoka pakhomo ana asanadzuke ndi kubwerera atagona kale. Malipiro timabwera nawo, koma ana athu akukula osatidziwa. Kodi munthu ayenera kugwira ntchito maola angati?

Zimene lamulo likunena

M'chaka cha 1919 maiko a m'bungwe loona za ntchito la ILO adagwirizana kuti wantchito wa m'fakitale asapitirire maola 8 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata. Kuno ku Malawi lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 lidakhazikitsanso maola 48 pa sabata. Munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu. Maola oonjezera alipiridwe padera: malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo pa tsiku lopuma kapena la tchuthi, malipiro a maola awiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka. Wogwira masiku 5 ali ndi masiku 15. Mayi woyembekezera apatsidwe masabata 8 akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, adadzudzula olemba ntchito amene amalemetsa anthu koposa mphamvu zao. M'chaka cha 1981 Papa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens, adaphunzitsa kuti munthu ndiye woposa ntchito, ndi kuti wantchito ali ndi ufulu wopuma, makamaka Lamulungu.

Udindo wathu

Ufulu umayenda pamodzi ndi udindo. Tikafika mochedwa ndi kutaya m'mawa pocheza, tidzatsalira madzulo kumaliza ntchito, ndipo wovutika ndi banja. Tikaweruka tipite kunyumba, tidyere pamodzi, tione makope a ana, tipemphere nawo. M'mera mpoyamba.

Tikumbukirenso kuti ena mwa ife ndife mabwana. Mtsikana wantchito ndi mlonda wa pakhomo pathu ali ndi mabanja ao. Ngati ife tipita ku Misa iwo akuchapa, chilungamo chathu chili kuti?

Woponderezedwa akambirane ndi bwana wake, zikakanika akadandaule ku ofesi ya Leba ya m'boma lake.

Tikambirane m'mphakati

1. Sabata yathayi tadya kangati pamodzi ndi ana athu?
2. Amene amatigwirira ntchito amapuma tsiku liti?