Kodi mumadziwa? Si kachilombo kalikonse m'dimba kamene kali mdani

Alimi a ku Santhe amadziwa msanga nsabwe zomwe zimaunjikana kunsi kwa masamba a fodya, ndipo nsabwe zimenezi ndi zomwe zimafalitsa matenda a bushy top. Koma ambiri sadziwa kuti kachikumbu kofiira ka madontho akuda, kamene kamayendayenda pa mpiru ndi pa nyemba kuseri kwa nyumba, kamadya nsabwe zomwezo. Chiswamphika nachonso ndi mlenje wa tizilombo tinzake. Kuthira mankhwala mwachisawawa kumapha abwenzi amenewa pamodzi ndi njuchi zimene zimathandiza maungu kubereka.

Foni yokhala ndi kamera ingakuthandizeni kusiyanitsa. Jambulani mamawa kukadali kachisanu, tizilombo tisanayambe kutakataka. Yandikirani pang'onopang'ono, chithunzithunzi chanu chisagwere pa tsamba.

Mukapeza mbozi mu nsonga ya chimanga, ijambuleni kumutu ndi kumchira. Ntchemberezandonda zomwe zidachokera ku America n'kuoneka mu Africa koyamba mu 2016 zili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu komanso timadontho tinayi toyalana bwino chakumchira. Mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti mbozizi zadzetsa tsoka m'maboma 20 a dziko lino.

Nunkhadala ndi wokongola pachithunzi, koma mitundu yake yowalayo ndi chenjezo kwa mbalame kuti ndi woipa kudya, ndipo amawononga chinangwa.

Musanagule mankhwala, kaonetseni kaye chithunzicho kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu.