Umboni wa Anthu Wamba: Nkhani ya Ushahidi

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Kenya, ndipo ikuyamba pa tsiku limene mawailesi a dzikolo adamangidwa pakamwa. Pa 27 Disembala 2007 anthu a ku Kenya adaponya voti posankha mtsogoleri wa dziko. Patapita masiku atatu, bungwe loyendetsa chisankho lidalengeza kuti Bambo Mwai Kibaki ndiwo apambana, ndipo iwo adalumbiritsidwa madzulo a tsiku lomwelo. Otsatira Bambo Raila Odinga adakana zotsatirazo, nati mavoti abedwa. Posakhalitsa zipolowe zidabuka ku Kisumu, ku Eldoret ndi ku Kibera mu mzinda wa Nairobi. Tsiku lomwelonso boma lidaletsa mawailesi ndi matelevizoni kuulutsa nkhani pa nthaŵi imene zinthu zikuchitika.

Tsono munthu wofuna kudziŵa ngati mseu wa ku Eldoret uli wotseguka, kapena ngati mbale wake wa ku Kisumu ali moyo, sakadapeza yankho la msanga pa wailesi. Pamene nkhani yeniyeni yasoŵa, mphekesera ndiyo imakhala pampando. Bungwe lofufuza limene adatsogolera Jaji Philip Waki lidapeza pambuyo pake kuti anthu 1,133 adaphedwa pa zipolowezo. Enanso oposa 300,000 adathaŵa m'makomo mwao. Koma m'masiku oyambawo padalibe munthu wodziŵa kukula kwake kwa tsokalo, pakuti aliyense ankangoona moto wa pafupi ndi iye.

Chinthu chimodzi sichidatsekedwe: lamya ya m'manja. Pa nthaŵiyo anthu mamiliyoni ambiri ku Kenya adali nazo kale lamya zotere, zambiri mwa izo zazing'ono, zongoimbira ndi kutumizira uthenga waufupi wa SMS. Mai Ory Okolloh, loya wa ku Kenya amene ankakhala ku Johannesburg koma adabwera kwao kudzavota, ankalemba pa intaneti zimene zinkachitika, ndipo anthu adayamba kuwatumizira zimene adaziona ndi maso. Mauthenga adachuluka kotero kuti munthu mmodzi sakadatha kuwasamala. Apo Mai Okolloh adafunsa poyera ngati padali amisiri a kompyuta amene akadatha kuika mauthengawo pa mapu a dziko.

Bambo Erik Hersman, Bambo David Kobia ndi Mai Juliana Rotich adavomera. Ena mwa iwo adali kutali ku America, koma mtunda sudaletse kanthu, ndipo m'masiku oŵerengeka a Januwale 2008 ntchitoyo idatha. Adaitcha Ushahidi, liu la Chiswahili limene m'Chicheŵa ndi umboni.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kukamva. Munthu amene waona sitolo ikuthyoledwa amalemba uthenga pa lamya yake, kunena chimene chachitika, malo ake ndi nthaŵi yake, nautumiza ku nambala imene yalengezedwa. Uthengawo umafika pa kompyuta. Kumeneko munthu wina amauŵerenga, nafunafuna malowo pa mapu, naikapo kadontho. Kadontho kamodzi sikanena zambiri. Koma timadontho tikafika makumi asanu pa boma limodzi tsiku limodzi, ngakhale munthu wosaphunzira amaona kumene moto ukuloŵera. Umboni umene kale ukadathera pa bwalo la mudzi umakhala wolembedwa, ndi tsiku lake, pamalo pamene aliyense angathe kuuona.

Zipolowe za ku Kenya zidazirala Bambo Kofi Annan atayanjanitsa atsogoleri aŵiriwo, amene adasaina pangano logaŵana mphamvu pa 28 Febuluwale 2008. Ushahidi ikadatha kuthera pomwepo ngati msasa wa pamaliro. Chimene chidaipatsa moyo wautali ndi chosankha cha eni ake: iwo sadaibise.

Pano mpofunika kufotokoza pang'ono. Mau oti pulogalamu, omvera adawazoloŵera pa wailesi, koma kwa amisiri a kompyuta amatanthauza malangizo olembedwa mzere ndi mzere, ouza makina zoyenera kuchita. Makampani ambiri amagulitsa pulogalamu koma malangizo ake enieni amawatsekera, kotero kuti wogula angathe kuigwiritsa ntchito koma sangathe kuona m'kati mwake. Zili ngati njinga imene mwini fakitale waiwotcherera ponseponse: tcheni chikaduka, mmisiri wa pansi pa mtengo sangathe kuchikhudza, mpaka njingayo ibwerere kumene idapangidwa. Pulogalamu yotseguka, imene pa Chingerezi amaitcha open source, ndi njinga yomangidwa ndi mabauti. Aliyense wodziŵa ntchitoyo ali ndi ufulu woimasula, kukonza pofooka, kuikapo keliyala yolimba, ndi kupatsa mnzake.

Komabe fanizo la njingali limapereŵera pa mbali imodzi. Munthu akapereka njinga yake, iye amatsala wopanda njinga. Pulogalamu siitero. Imafanana ndi moto wokapala kwa mnansi: wopalayo amapita nawo kwao nakaphika, koma pa mafuwa a mwini moto sipachepa kanthu.

Maganizo ameneŵa sadayambe ndi Ushahidi. Mu 1983 Bambo Richard Stallman, amene ankagwira ntchito pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, adalengeza ntchito yotchedwa GNU, yolemba mapulogalamu amene munthu aliyense angathe kuŵerenga, kusintha ndi kugaŵa. Mu 1991 wophunzira wina wa ku Helsinki, m'dziko la Finland, dzina lake Linus Torvalds, adaonjezera chigawo chimene chinkasoŵa, chotchedwa Linux. Lero lamya iliyonse ya mtundu wa Android, kuphatikizapo zimene zimagulitsidwa m'misika ya ku Limbe ndi ku Mzuzu, imayendera Linux yomweyo m'kati mwake, ngakhale mwini lamya sadziŵa.

Phindu la kusabisa lidaoneka msanga. Mu Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi alendo zidabuka ku Alexandra mu mzinda wa Johannesburg, nkufalikira m'madera ena a South Africa. Anthu 62 adaphedwa, ndipo Amalaŵi ambiri adali m'gulu la amene adathaŵa nkubwerera kwao chimanjamanja. Anthu a kumeneko adatenga malangizo a Ushahidi nakonza mapu aoao oonetsa kumene alendo ankamenyedwa. Poona zimenezi, eni ake adailembanso pulogalamuyo mwatsopano kuti munthu wa dziko lililonse athe kuitenga mwaulere. Adailumikizanso ndi pulogalamu ina yaulere, FrontlineSMS ya Bambo Ken Banks, imene imalola kompyuta imodzi ndi lamya imodzi kulandira mauthenga ambirimbiri popanda intaneti. FrontlineSMS yomweyo idagwira ntchito ku Malaŵi mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, kumene anthu odzipereka osamala odwala m'midzi ankatumiza mauthenga ku chipatala m'malo moyenda mitunda italiitali.

Mayeso aakulu adadza pa 12 Januwale 2010, pamene chivomezi chidagwetsa mzinda wa Port-au-Prince m'dziko la Haiti. Bambo Patrick Meier ndi ophunzira anzao pa sukulu ya Tufts, kufupi ndi Boston, adatsegula mapu a Ushahidi m'maola oŵerengeka. Nambala yaulere ya 4636 idalengezedwa pa mawailesi a ku Haiti, ndipo mauthenga zikwizikwi adayamba kufika m'chinenero cha Creole. Anthu a ku Haiti okhala kunja ndiwo ankamasulira. Ntchito yao idali yoposa kumasulira mau, pakuti munthu wogwidwa ndi mantha salemba dzina la mseu. Amangoti ali kuseri kwa tchalitchi chakuti, pafupi ndi mpope. Wodziŵa tchalitchicho ndi yekhayo amene adakulira komweko.

Nkosavuta kutengeka ndi nkhani yotere nkuiŵala zofooka zake. Mapu safukula munthu m'zigumukire za nyumba. Ngati palibe gulu lothandiza limene likuyang'ana mapuwo nkuthamangira kumene kuli kadontho, wotumiza uthenga amangodikira chabe, ndipo chiyembekezo chimene wapatsidwa chimasanduka nkhanza. Chinanso, malo oyera pa mapu satanthauza mtendere. Kaŵirikaŵiri amatanthauza mudzi wopanda netiweki, kapena mai wopanda ndalama yogulira mayunitsi, kapena nkhalamba yosadziŵa kulemba. Anthu ovutika koposa ndiwo amene mau ao safika.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi la bodza. Lamya imene imanyamula umboni ndi yomweyo imene imanyamula miseche. Pa zipolowe za ku Kenya mauthenga a SMS olimbikitsa chidani cha mitundu adafalikira kwambiri, ndipo mawailesi ena oulutsa m'zinenero za m'zigawo adadzudzulidwanso pa mlandu womwewo. Mtolankhani wophunzitsidwa ali ndi mkonzi womufunsa kuti, nkhaniyi waimva kwa yani? Munthu wamba alibe womufunsa. Mwina angalembe zimene wangomva pa chitsime ngati kuti adaziona, ndipo wina angalembe bodza mwadala pofuna kuti adani ake aoneke oipa. Nchifukwa chake Ushahidi imaika chizindikiro pa uthenga uliwonse, choonetsa ngati watsimikizidwa kapena ai. Chizindikirocho sichidziika chokha. Pafunika munthu woimba lamya, wofunsa mboni yachiŵiri, woyerekeza uthenga uwu ndi uwo, ndipo imeneyo ndi ntchito yakale ya utolankhani, imene kompyuta siidaichotse.

Anthu a ku Kenya adaphunzirapo kanthu. Pa 4 Ogasiti 2010, pamene dziko lidavota povomereza malamulo atsopano oyendetsera dziko, Ushahidi idatsegula mapu otchedwa Uchaguzi, kutanthauza chisankho. Ulendo uno sadadikire kuti moto uyambe. Adakonzekeratu pamodzi ndi mabungwe oyang'anira chisankho amene adali ndi anthu ao ophunzitsidwa m'malo ovotera, kotero kuti uthenga wochokera kwa munthu wamba ukafika, padali wina wapafupi wotha kupita kukaona ngati nzoona, ndiponso njira youzira akuluakulu oyenera kuchitapo kanthu. Voti imeneyo idayenda mwabata, ndipo malamulo atsopanowo adayamba kugwira ntchito pa 27 Ogasiti chaka chomwecho.

Mai Okolloh adasiya kutsogolera Ushahidi kumapeto kwa 2010 nakayamba ntchito ku kampani ya Google. Malangizo a pulogalamuyo adatsala poyera, ndipo anthu a m'maiko ambiri akhala akuwatenga poyang'anira zisankho, madzi osefukira ndi nkhanza zochitira amai.