WebRTC

WebRTC ndi njira imene imathandiza mabrowser awiri, monga Chrome ndi Firefox, kutumizirana mawu ndi kanema mwachindunji popanda kuika pulogalamu ina pa foni kapena pa kompyuta. Browser ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Dzina lakuti WebRTC ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Web Real-Time Communication. Google Meet ndi Jitsi Meet ndi ena mwa mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito njirayi. Anthu asanayambe kumvana, mabrowser awo amayamba agwirizana zinthu ziwiri: mtundu wa mawu ndi kanema umene atumizirane, ndi njira imene zidutse.

Mbiri

Mu 2010 kampani ya Google inagula kampani ya Global IP Solutions, imene inkapanga mapulogalamu otumizira mawu ndi kanema pa intaneti. Mu 2011 Google inatulutsa WebRTC kuti aliyense aigwiritse ntchito kwaulere. Mu February 2013 Chrome ndi Firefox anaimbirana koyamba, ndipo Safari ya kampani ya Apple inayamba kugwiritsa ntchito njirayi mu 2017. Mu January 2021 mabungwe a W3C ndi IETF, amene amalemba malamulo a kayendedwe ka intaneti, anaivomereza kukhala njira yokhazikika.

Kugwirizana

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Chileka, m'boma la Blantyre, akufuna kuthandiza wophunzira wake wa ku Lirangwe pa masamu. Onse atsegula tsamba limodzi, koma mafoni awo sakudziwana. Pamafunika mkhalapakati, amene ndi seva ya tsambalo. Ntchito yake ikufanana ndi ya ankhoswe: imanyamula uthenga kuchoka mbali ina kupita mbali ina mpaka awiriwo atagwirizana, koma nkhani za m'nyumba amakambirana okha.

Browser ya mphunzitsi imalemba pempho m'kalembedwe kotchedwa SDP. M'pempholi imatchula ngati ikufuna kutumiza mawu okha kapena mawu ndi kanema, komanso njira zopanikizira mawu ndi kanema zimene imadziwa. Seva imapereka pempholo kwa browser ya wophunzira, ndipo iyo imasankha zimene nayonso imadziwa n'kubweza yankho. Malamulo amafuna kuti browser iliyonse idziwe Opus ndi G.711 pa mawu, komanso VP8 ndi H.264 pa kanema, kuti pasasowe chogwirizana. Malamulo a WebRTC sanena mmene seva inyamulire mauthengawa. Zimenezo amasankha ndi amene anapanga tsambalo.

Kupeza njira

Chovuta kwambiri ndi adiresi. Chipangizo chilichonse pa intaneti chimafuna adiresi ya IP, koma ma adiresi a mtundu wakale wa IPv4 ndi ochepa, pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha. Chifukwa cha zimenezi, makampani ambiri a mafoni amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi pogwiritsa ntchito njira yotchedwa NAT. Foni imene ili kuseri kwa NAT sidziwa adiresi imene akunja amaiona, ndipo uthenga wochokera kwa mlendo nthawi zambiri umakanidwa.

Pofuna kuthana ndi vutoli, browser imafunsa seva yotchedwa STUN kuti iiuze adiresi yake yakunja. Ikatero imasonkhanitsa ma adiresi onse amene ingapezeke nawo n'kuwatumiza kwa inzake kudzera mwa mkhalapakati uja. Kenako mabrowser awiriwo amayesa ma adiresiwo awiriawiri mpaka atapeza njira yotseguka. Kuyesaku kumatchedwa ICE.

Nthawi zina njira yachindunji sipezeka. Zikatero mawu ndi kanema zimadutsa pa seva ina yotchedwa TURN, imene imalandira kwa wina n'kupatsira mnzake. Ngakhale Chileka ndi Lirangwe zili m'boma limodzi, ngati seva ya TURN ili ku Johannesburg kapena ku London, mawu a mphunzitsi amayamba afika kumeneko asanabwerere kwa wophunzira. N'chifukwa chake mawu amatha kuchedwa pakati pa anthu oyandikana. Ngati tsambalo lilibe seva ya TURN, foniyo imalephereka ngakhale onse ali ndi bandulo.

Netiweki ndi bandulo

Anthu ambiri ku Malawi amalowa pa intaneti kudzera pa Airtel kapena TNM, ndipo amalipira malinga ndi data imene agwiritsa ntchito. WebRTC imayeza mphamvu ya netiweki nthawi yonse imene anthu akulankhulana. Netiweki ikafooka, browser imachepetsa kuoneka bwino kwa kanema kuti mawu asaduke. Opus imatha kutumiza mawu kuyambira pa 6 mpaka 510 kbit pa sekondi. Kanema amadya data yambiri kuposa mawu, choncho wophunzira amene bandulo yake yatsala pang'ono angathimitse kamera n'kupitiriza phunziro ndi mawu okha.

Chitetezo

Browser siyatsa kamera kapena maikolofoni mwiniwake asanavomere. Mawu ndi kanema zonse zimabisidwa ndi njira za DTLS ndi SRTP, moti seva ya TURN singamve zimene ikupatsira. Komabe pa kulumikizana kwachindunji aliyense amatha kudziwa adiresi ya IP ya mnzake. Anthu akachuluka pa msonkhano, mapulogalamu ambiri amadutsitsa zonse pa seva imodzi, chifukwa foni imodzi singakwanitse kutumizira aliyense kanema wakewake. Pamenepo chinsinsi cha zokambiranazo chimadaliranso eni ake a sevayo.