Maseŵera Aŵiri a Mfuti Amene Adabwera pa Basi ya ku Joni

Aliyense wokhala pa Mwanza amadziŵa m'mene basi yochokera ku Joni imaonekera ikaima pa chipata: ngolo yodzaza kumbuyo kwake, matumba a mizeremizere, mabulangete, njinga za ana ndi makatoni omangidwa ndi zingwe. Ana athu amene adapita kukafuna ntchito ku South Africa amabwerera kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, ndipo oyamba kuona katundu wao ndife. Pa zaka zapitazi, pakati pa katunduyo pakhala pakupezekanso kabokosi koyera kapena kakuda kotchedwa Xbox 360. Kampani ya Microsoft idayamba kukagulitsa m'chaka cha 2005 nileka kukapanga mu 2016, tsono kwa eni ake nkachikale ndipo kamagulika motchipa. Koma kwathu kuno, kakangolumikizidwa ku kanema m'chipinda cha kuseri kwa golosale, ana amaunjikana pakhomo ngati njuchi pa maluŵa a manachesi.

Makolo ambiri tikasuzumira m'zipinda zotere timangoona chinthu chimodzi: msilikali wotifulatira, mfuti ili m'manja, phokoso lili gwa. Timachokapo tikunena kuti zonsezi n'zimodzi. Ifenso tinkatero, mpaka pamene kabokosi kotere kadaloŵa m'nyumba mwathu ndi mphwathu wa ku sekondale, amene adakalandira kwa mkulu wake. Tidaganiza kuti n'kulakwa kuletsa kapena kulola chinthu chimene sitidachione. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho pa tchuthi tidakhala naye pansi madzulo angapo, iye atagwira chimene anyamata amachitcha padi, ife tikupenya ndi kufunsa. Maseŵera amene adationetsa ndi aŵiri, Gears of War ndi Mass Effect.

Kunja kwake n'ngofanana ndithu. Onse aŵiri ndi nthano zopeka za anthu okhala pa maiko a kuthambo, olimbana ndi zolengedwa zachilendo. Mu onse aŵiri woseŵera amamuona munthu wake cha kumbuyo, pa phewa, monga amaonera mnyamata amene akutsatira mlenje m'tchire. Amamuona akuthamanga, akubisala kuseri kwa chipupa, akusuzumira ndi kuombera. Adatulukanso motsatana, loyamba mu November 2006, lachiŵiri mu November 2007. Kufanana kwake kwathera pomwepa.

Gears of War idapangidwa ndi kampani ya Epic Games ya ku North Carolina, ku America. Nkhani yake ikuchitika pa dziko lotchedwa Sera, kumene anthu adamenyana okhaokha zaka 79 polimbirana mafuta a pansi pa nthaka. Atangopangana za mtendere, nthaka idang'ambika ndipo mudatuluka adani otchedwa Locust. Seŵero likuyamba patapita zaka 14 chichitikireni zimenezi, pamene msilikali wina, Marcus Fenix, akutulutsidwa m'ndende ndi bwenzi lake Dominic Santiago kuti akathandize pa nkhondo. Kuchokera pamenepo ntchito ndi imodzi yokha: bisala, ombera, sendera patsogolo, bisalanso. Mfuti yodziŵika ya m'seŵeroli ili ndi macheka a injini kunsi kwake, onga aja ocheka nawo mitengo, ndipo mdani akafika pafupi amachekedwa pakati, magazi nkuthovokera pa galasi la kanema. Amai a kunyumba adangoona kamodzi natuluka. Ku Germany seŵeroli silidaloledwe kugulitsidwa poyera pamene lidatuluka, kaamba ka nkhanza zomwezi.

Tisabise, lidapangidwa mwaluso. Mizinda yake yogumuka ndi yokongola mwachisoni, ndipo woseŵera wothamangira kutsogolo mopanda nzeru amafa msanga. Opambana ndi odekha. Chinanso chimene tidachiyamikira n'chakuti anthu aŵiri angathe kuseŵera pamodzi pa kanema mmodzi, wina Marcus wina Dominic, ndipo mmodzi akagwa mnzake ayenera kupita kukamdzutsa. Tidaona mphwathu ndi mnzake akukalipirana ndi kupulumutsana monga achitira anyamata pa bwalo la mpira. Komatu m'seŵero lonselo palibe pamene woseŵera amafunsidwa kuti, kodi munthu uyu timchitire chiyani? Mdani sakambirana naye. Alibe mudzi wooneka, alibe mwana, alibe dandaulo limene tingalimve. Wangobwera kuti aphedwe.

Mass Effect idachokera ku kampani ya BioWare ya mu mzinda wa Edmonton, ku Canada, imene idayambitsidwa mu 1995 ndi madokotala achinyamata. Kapena n'chifukwa chake muli mafunso ambiri a moyo ndi imfa. Nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 2183. Woseŵera ndi mtsogoleri wa asilikali dzina lake Shepard, amene angathe kukhala mwamuna kapena mkazi, ndipo amayendetsa chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Normandy posakasaka chigaŵenga china dzina lake Saren. Kuombera kulipo, ndipo pa luso la kuombera seŵeroli silifika pa linzake lija. Mphwathu adadandaula kuti mfuti zake n'zozizira. Koma nthaŵi yambiri imatha pa kulankhula. Shepard akakumana ndi munthu, pa kanema pamaoneka mayankho angapo, ndipo woseŵera amasankha: kufunsa, kupepesa, kunyengerera, kapena kuopseza. Chimene wasankhacho chimamtsata. Chimamtsata mpaka m'maseŵera otsatira a 2010 ndi 2012, chifukwa makinawo amasunga zonse zimene adachita.

Pena pake woseŵera amapeza mfumukazi yotsala yokha ya mtundu wa zolengedwa zimene kale zidasautsa maiko onse, itatsekeredwa m'chikho chagalasi. Angathe kuipha, mtundu wonse nkutheratu, kapena kuimasula pokhulupirira lonjezo lake la mtendere. Seŵero silimuuza chabwino ndi chiti. Mphwathu adaimasula, natiyang'ana ngati kuti ndife aphunzitsi amene tichonge yankho lake.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a ku Mwanza sitingachione monga achionera a ku Canada kapena a ku America. Ife nkhondo tidaiona itaima pakhomo. Nkhondo ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977 nitha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, idathamangitsira ku Malaŵi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Amene tidali anyamata m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira amai otsika m'mapiri a m'malire, mphika pamutu, mwana kumsana, osadziŵa kumene kuli amuna ao. Tikukumbukira msasa wa ku Luwani, umene nthaŵi imeneyo udali m'boma la Mwanza, Neno isanakhale boma palokha mu 2003. Ndipo mu 2015 ndi 2016 tidaonanso zikwi za anthu zitaunjikana pa mudzi wa Kapise. Tsono poonera maseŵera aŵiriŵa, maso athu sadali pa asilikali ai, koma pa anthu othaŵa nkhondo. Onse aŵiri ali nawo.

Mu Gears of War, boma lidatentha mizinda yake yomwe ndi chida cha kumwamba kuti adani asailande, ndipo anthu wamba amene sadathe kufika ku malo otetezedwa adangosiyidwa. Otsalawo akukhala m'mabwinja, m'tizisakasa ta malata, ndipo amadana ndi asilikali. Imeneyi ndi nkhani yaikulu, yokwana buku lathunthu. Koma woseŵera amangodutsa pakati pao usiku umodzi, kubwereka galimoto, nkumapita. Sangathe kuima kuti aŵafunse kumene adachokera, kapena amene adamwalira. Mphwathu sadaŵaone n'komwe mpaka titamuuza kuti aime.

Mu Mass Effect muli mtundu wotchedwa quarian, umene udathamangitsidwa kwao ndi makina amene udapanga wokha, ndipo wakhala ukuyendayenda m'zombo pafupifupi zaka 300 wopanda dziko. Mitundu ina imaŵanyoza kuti ndi opemphapempha ndi akuba, mau amene makutu athu adaŵamvapo akunenedwa kwa abale athu a ku Tete, ndiponso amene ana athu amaŵamva ku Joni. Mtsikana wa mtundu umenewu, dzina lake Tali, amakwera nawo m'chombo cha Shepard. Woseŵera angathe kutsikira ku chipinda cha injini, nkukhala naye, nkumfunsa za makolo ake, za kuthinana m'zombo, ndi za amene adalakwa pa nkhondo ija. Angathenso kusapitako konse. Kusiyana kwa maseŵeraŵa ife tidakuona pamenepa: lina limampatsa mwana mfuti yokha, lina limampatsa mfuti ndi makutu.

Tisafulumire kuliveka nkhata seŵero lachiŵirili, pakuti nalonso lili ndi minga yake. Muli nkhani za chikondi pakati pa Shepard ndi ena a m'chombo, ndipo chakumapeto muli kachigawo ka kuchipinda kamene kholo silingakondwe kukaonera pamodzi ndi mwana. Boma la Singapore lidaliletsa kwa masiku oŵerengeka mu November 2007 kaamba ka kachigawo kotere, kenaka lidalilola kwa a zaka 18 okha. Chachiŵiri, seŵeroli limaŵerengera khalidwe ngati malikisi a m'kalasi: ukachita zachifundo mzere wina umakwera, ukachita zaukali umakwera wina. Tidamuona mphwathu akusankha mau okoma osati chifukwa adamvera munthu chisoni, koma kuti mzere udzaze. Ife amene takhala ndi choko m'manja zaka zambiri tikumdziŵa mwana wosesa m'kalasi pokhapokha aphunzitsi akuyang'ana.

Chachitatu ndi nthaŵi. Gears of War munthu wakhama angaimalize pa Loŵeruka limodzi ndi madzulo aŵiri. Mass Effect imadya maola makumimakumi, ndipo siiseŵereka m'chipinda cha kuseri kwa golosale kumene mwana amalipira mphindi zoŵerengeka, anzake akumkankha kumbuyo. N'chifukwa chake m'zipinda zotere mumamveka macheka, osati kukambirana. Ndiponso Mass Effect imafuna Chingerezi chakupsa. Wa Fomu 3 amapindulapo mau atsopano, koma wa Sitandade 6 amangodina batani kuti zolankhula zidutse msanga afike pa mfuti, ndipo akatero maseŵera aŵiriŵa asanduka amodzi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, World Health Organization, mu 2019 lidavomereza kuti kumwerekera ndi maseŵera a pa kanema mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi tulo ndi vuto loyenera chithandizo. Ana oodzera m'kalasi Lolemba m'maŵa ife sitichita kuŵaŵerenga m'mabuku.

Eni ake enieni adanena kale za msinkhu. Ku America maseŵera onse aŵiri adapatsidwa chizindikiro cha M, kutanthauza a zaka 17 kupita m'tsogolo, ndipo chimalembedwa pa ngodya ya chikuto. Vuto n'lakuti zimbale zambiri zimafika kuno zopanda chikuto, dzina lokha litalembedwa ndi cholembera. Makolo ambiri sadziŵanso kuti m'kabokosi ka Xbox 360 muli malo amene kholo lingaike nambala yachinsinsi, nkutsekera maseŵera a akulu, ndiponso kuika maola amene kabokosiko kayenera kugwira ntchito pa tsiku kapena pa mlungu. Nthaŵiyo ikakwana kamazima kokha. Mphwathu ankadziŵa zonsezi. Adationetsa monyinyirika, titamfunsa kachitatu.

Kwathu tidagwirizana motere. Kabokosiko kachoka ku chipinda cha anyamata, kakhala pa balaza. Chimbale cha Gears of War tasunga ife, ndipo ana a ku pulaimale sachiona. Mass Effect tamlola mphwathu yekha, pa tchuthi, wamkulu ali pafupi. Ena mwa makolo anzathu adzati tafeŵa, ena adzati taumitsa. Pa za macheka paja sitikusintha.

Madzulo otsiriza a tchuthi adafika pa dziko lotchedwa Virmire, pamene anzake aŵiri a Shepard, Ashley Williams ndi Kaidan Alenko, ali pa ngozi m'malo aŵiri osiyana, bomba lili pafupi kuphulika, ndipo nthaŵi ikulola kupulumutsa mmodzi yekha. Palibe njira yachitatu. Mnyamata amene mlungu wathawo ankacheka adani akuimba mluzu adaika padi pa bondo, nakhala chete nthaŵi yaitali. Kenaka adati, "Malume, inu mukadatenga uti?" Tidamuuza kuti chombo n'chake. Adasankha Ashley, ndipo pa chakudya sadalankhule zambiri. M'maŵa mwake tikupita kumunda wa manachesi tidampeza wadzuka kale, wabwerera pamene adasungira seŵero lake dzana, akuyesa kuona chimene chichitike akapulumutsa Kaidan.