Mudzi wa Amisiri a Manda a Mafumu ku Ejipito Wakale

Ife amene tinakulira m'Malembo Oyera timadziwa Ejipito monga dziko la Farao wouma mtima ndi la akapitao a zikoti. Chithunzi chimenechi n'choona, koma n'cha mbali imodzi. Kangapo tamvapo mlaliki akuuza akristu kuti Aisraele ndiwo anamanga mapiramidi, chonsecho piramidi lalikulu la mfumu Khufu ku Giza linamangidwa cha m'ma 2560 Kristu asanabadwe, zaka zoposa 1,200 Ramesses II asanalowe ufumu. Buku la Eksodo limanena za njerwa ndi za mizinda ya Pitomu ndi Ramsesi, osati za mapiramidi ai. Tsono n'koyenera kuti tiwadziwe Aejipito monga analiri, ndipo palibe malo otiphunzitsa bwino koposa kamudzi kena kotchedwa lero Deir el-Medina.

Mudziwu uli m'chigwa chouma kuzambwe kwa mtsinje wa Nile, moyang'anana ndi mzinda wa Luxor, umene kale unali Thebes. Unamangidwa cha m'ma 1500 Kristu asanabadwe, pakuti njerwa za linga lake zili ndi chidindo cha mfumu Thutmose I, ndipo anthu anakhalamo zaka zoposa 400. Eni ake ankatchula malowo Set Maat, ndiko kunena Malo a Choonadi. Anali amisiri okumba ndi kukongoletsa manda a mafumu m'Chigwa cha Mafumu. M'kati mwa linga munali nyumba pafupifupi 70, zopapatiza ndi zogundana. Bernard Bruyère wa ku France anafukula mudziwu kuyambira 1922 mpaka 1951, napeza mapale ndi timiyala tolembedwa zikwizikwi. Pepala la gumbwa ankalisungira zolemba zazikulu, koma phale linali laulere, choncho ankalembapo chilichonse: ngongole ya bulu, kalata yodandaula, mlandu wa kuba.

Gulu la amisiri linali logawidwa pawiri, mbali ya kumanja ndi mbali ya kumanzere, monga opalasa ngalawa. Mbali iliyonse inali ndi kapitao wake, ndipo mlembi ankasunga kaundula. Sabata yao inali ya masiku 10. Ankagwira ntchito masiku 8, akugona m'misasa ya miyala paphiri pafupi ndi manda, kenaka n'kutsikira kumudzi kukapuma. Boma linkawerengera zingwe za nyali zogwiritsa ntchito mumdima wa m'manda, ndipo linkayeza pasikelo matchizulo amkuwa powapereka ndi powalandira, kuti wina asasemeko mkuwa.

Ndalama zachitsulo kunalibe. Mmisiri wamba ankalandira pa mwezi matumba 4 a tirigu ndi thumba limodzi ndi theka la barele, thumba lililonse la malita pafupifupi 77. Tikayeza ndi ndowa ya malita 20, ndiye ndowa 15 za tirigu wophikira buledi ndi ndowa pafupifupi 6 za barele wofululira mowa. Popeza m'mudzimo munalibe chitsime, madzi ankabwera pa abulu. Asodzi, otola nkhuni ndi ochapa zovala ankatumikira mudziwo molamulidwa ndi boma. Awa sanali akapolo. Anali anthu a mabanja ao, a katundu wao, ndipo ambiri ndithu ankadziwa kulemba. Koma tisaiwale kuti akapolo analiko m'dzikomo, makamaka ogwidwa pankhondo, ndiponso alimi wamba ankatengedwa kukagwira thangata la mfumu.

Pali mwala wina wosungidwa ku British Museum, kaundula wa ojomba ku ntchito m'chaka cha 40 cha Ramesses II. Zifukwa zake n'zosachititsa chilendo kwa wansembe aliyense amene anayang'anirapo ntchito yomanga tchalitchi: uyu akudwala maso, uyu chamuluma chinkhanira, uyu akufulula mowa, uyu akukonza mtembo wa mbale wake, uyu akupereka nsembe kwa mulungu wake. Mlembi analemba zonsezi pambali pa dzina la munthu, tsiku ndi tsiku.

M'chaka cha 29 cha Ramesses III, cha m'ma 1157 Kristu asanabadwe, tirigu anachedwa kubwera. Amisiri anataya zida, napyola malo onse a alonda, nakakhala pansi kuseri kwa nyumba yachipembedzo ya Thutmose III. Masiku otsatira anapita ku nyumba ya Ramesses II, kumene kunali nkhokwe zazikulu. Mlembi Amennakht analemba nkhaniyi pa gumbwa amene tsopano ali ku Turin. Iwo anauza akuluakulu kuti chawabweretsa ndi njala ndi ludzu, kuti alibe zovala, mafuta, nsomba ngakhale ndiwo zamasamba, ndipo anapempha kuti mau afike kwa Farao ndi kwa nduna yaikulu. Analandirako chakudya, koma chipereko chinapitirira kuchedwa, iwonso anapitirira kunyanyala. Akatswiri amati uku ndiko kunyanyala ntchito koyamba kolembedwa m'mbiri ya anthu. Chimene chimatikhudza ife n'chakuti anthuwa sanaukire ufumu. Mfumu inali ndi udindo wosunga Maat, ndiye kuti choonadi, chilungamo ndi dongosolo la dziko, ndipo iwo ankangoikumbutsa udindo wake womwewo.

Akazi nawonso anali ndi mau pamaso pa bwalo. M'chaka cha 3 cha Ramesses V mai wina wokalamba, dzina lake Naunakhte, anaima pabwalo la mudzi nalembetsa za chuma chake chamasiye. Anali atalera ana 8, koma ena mwa iwo anawamana gawo la chuma chake chifukwa sanamsamale mu ukalamba wake. Bwalo linavomera, mboni zinalembedwa maina.

Za chipembedzo chao tiyenera kulankhula mosamala. Ankapembedza milungu yambiri, pamodzi ndi mfumu yakufa Amenhotep I ndi mai wake Ahmose-Nefertari, amene ankawayesa atetezi a mudzi. Aneneri a Israele sakanavomera zimenezi. Komabe pa miyala ya mapemphero imene anasiya timamva mau a chikumbumtima. Mmisiri Neferabu anavomera poyera kuti analumbira monama m'dzina la Ptah, ndipo kuti mulunguyo anamchititsa mdima usana, mau amene ambiri amawamva kuti akunena khungu. Pa mwala wina anaulula kuti analakwira Meretseger, mulungu wamkazi wa phiri loyang'ana mudziwo, amene anamlanga, koma atamdandaulira anamchitira chifundo. Wojambula wina, Nebre, anathokoza Amun pochiritsa mwana wake Nakhtamun, namtcha womvera pemphero la wosauka. Pakati pa miyalayi ndi Masalimo a kulapa pali kusiyana kwakukulu pa za Yemwe akumpempha, koma wophunzira Masalimo apindula akadziwa kuti kuvomera tchimo, kulandira chilango ndi kuyembekeza chifundo zinali zodziwika m'mbali mwa Nile zaka zoposa 200 Davide asanalowe ufumu.

Pa nthawi ya Ramesses XI, cha m'ma 1080 Kristu asanabadwe, chitetezo chinasokonekera chifukwa cha magulu a Alibiya ndi nkhondo yapachiweniweni, ndipo mabanjawo anasamukira m'linga la Medinet Habu. Patapita zaka mazana ambiri mafumu a banja la Ptolemy anamanga pamalopo nyumba ya mulungu wamkazi Hathor, imene pambuyo pake amonke achikristu a ku Ejipito anaisandutsa mokhalamo mwao. Dzina lachiarabu lakuti Deir el-Medina, lotanthauza nyumba ya amonke ya m'mzinda, linachokera kwa iwowo.